Mapini M'kamwa

Lolemba, 2 Juni

Dzino lapita. La kutsogolo, la m'mwamba, lenileni lija ndinkasekera.

Loweruka ndinkamaliza thalauza la kasitomala, sizasi sindikuiona (ndinali nditaikhalira, ndinaipeza pambuyo pake), ndiye ndati ndingoluma ulusi monga ndachitira chiyambire utelala. Unali wa nayiloni uja wosokera zikwama. Ndinangomva kuti thyo! Ulusi uli bwinobwino, dzino lili pamiyendo. Lero dokotala wa mano wazula chitsa chinatsalira chija. Akuti dzinolo linali litadyeka kale, linali ndi kanjira kake kodutsa ulusi. Wandifunsa kuti, "Mayi, kodi sizasi mulibe?" Ndili nazo zambiri adokotala, koma zimayenda zokha.

Komatu vuto si dzino. Vuto ndi Lachisanu lapitali. A Sipanala, amene amatikonzera makina osokera mumzere wonse wa mashopu uno, anabwera kudzaona anga. Anamanga kasikuluwu ka pa bobini, anapukuta manja, kenako anakhala pampando wa makasitomala, chinthu chimene sachita. Anati, "Mayi, sikuluwu imeneyi simasuka yokha. Ntchitoyi ine ndakalamba nayo. Mwezi ndi mwezi mumaimasula, ine ndimabwera, ndipo sindidandaula. Koma mwana wanga akuti nditseke shopu ndikakhale kwa iye kutali uko, poti chimwalirire amayi ake ndimangodya zogula. Ndamuuza kuti ndimuyankha mwezi uno ukamatha. Inu mukandilola, ine sindipita."

Mayo ine, manyazi ake! Ndinangoti, "Ndiganize kaye," ngati kamtsikana ka sukulu, chonsecho yankho ndinali nalo kalekale. Ndinkangofuna avutikeko pang'ono.

Nanga tsopano yankholo ndilinena ndi pakamwa pati?

Lachiwiri, 3 Juni

Ndaima pagalasi loyesera zovala. Ndikatseka pakamwa, mayi waulemu wake. Ndikamwetulira, munthu woti wagwa panjinga atamwa. Ndayesa kunena kuti "siketi yasokedwa," kwatuluka likhweru, mpaka galu wa osoka nsapato a khomo loyandikana ndi langa wadzuka kubwera pakhomo panga.

Lachinayi, 5 Juni

A Sipanala abwera! Ndawaonera patali, chikwama chawo cha zitsulo kukhwapa, malaya ositidwa. A S. kusita malaya pakati pa sabata? Nkhani yafika poipa.

Nzeru zandibwerera mwadzidzidzi. Ndatapa mapini m'kambale, ndawandandalika pamilomo monga timachitira tikamapinda mpendero, ndagwada pa chidole chovala diresi la mayi wina wa kubanki. Telala ali ndi mapini pakamwa salankhula, aliyense amadziwa.

"Mwaswera bwanji mayi?"

"Mmm."

"Makina ali bwino?"

"Mm-mm... mmm."

Aima pakhomo kanthawi, akuyang'ana denga. Ati, "Ntchito yachuluka eti. Ndidzabweranso." Atapita ndalavula mapini, ndaseka ndekha mpaka misozi. Ndine wochenjera ine, wina asaname.

Loweruka, 7 Juni

Mng'ono wanga Wailesi watulukira ndisanakonzeke. Wangoti, "Achemwali, gweru!" n'kukhala pansi pamulu wa nsalu, kuseka kogwira nthiti. Mwana ndinamubereka kumsana ameneyu.

Atatha kuseka wayamba pulogalamu. Akuti kuli mano ovula, usiku amagona okha m'kapu ya madzi. Mnzake wa kukwaya anali nawo, tsiku lina akukoka mawu apamwamba anauluka n'kukatera pa nsapato ya oimbitsa. Akuti kulinso ena okhomera m'fupa ngati msomali, abwana ake ali nalo limodzi, amatafuna nalo mafupa a nkhuku. Kenako akuti, "Kapena ingolisiyani, pamsinkhu wanuwu mukufuna kusekerera ndani?"

Maso anga apita okha pa makina. Wandiyang'ana, wayang'ana makina, wandiyang'ananso. "Aaa! A Sipanala?"

Ndamuuza zonse, ndamulumbiritsa kuti asauze munthu. Taonani pamene ndafika, kulumbiritsa Wailesi.

Lachiwiri, 10 Juni

Kwa dokotala. Kamnyamata kaulemu, manja ozizira. Wandiyalira njira zitatu.

Lovula lija, lotchipa, koma nkhama ziyambe zaphwa. Ine m'mutu mwangobwera kapu ya madzi pambali pa bedi, mwamuna watsopano akufuna kumwa mankhwala. Ayi zikomo.

Njira ina, apale mano awiri oyandikana nalo kuti latsopanolo likolekedwe pa iwo. Ndati mano osalakwa asiyeni. Ndimadana ndi kudula nsalu yabwino pofuna chigamba.

Yachitatu ndi ya abwana a Wailesi ija. Aboola fupa la chibwano, alowetsamo kachitsulo ka mazinga, n'kudikira fupa likagwire, ndiye pamwamba pake n'kumangapo dzino. Wandionetsa kachitsuloko pachikhatho. Abale inu, ndi sikuluwu! Sikuluwu yeniyeni! Ndaseka mpaka nesi wasuzumira. Moyo wanga wonse ungozungulira pa masikuluwu basi?

Ndafunsa ngati zingatheke mwezi uno usanathe. Waseka iyeyo tsopano. Akuti miyezi, osati masabata, ndipo ayambe wajambula fupa aone ngati lili lokwanira. Mtengo wake sindilemba, pepalali lingapse. Ndiponso akuti ngakhale andiike, ulusi ndisadzalumenso mpaka kufa. Wandiuza kuti ndikaganize, ndibwere Lachisanu la sabata yamawa.

Aliyense akufuna ndiganize. Ndaganiza m'basi monse: kuboola fupa ndili maso, ine woopa jakisoni wa katemera. Koma kachitsulo kaja n'kokongola, sindinama.

Lachinayi, 12 Juni

Abweranso, atanyamula kabotolo ka oyilo wa makina ndi malalanje m'kajumbo. Ine mapini pakamwa, mawondo pansi, diresi la wa kubanki.

Akhala pampando uja. Asenda lalanje limodzi bwinobwino, khungu losaduka, aliika pa tebulo lodulira. Ine "mmm." Anena za kuzizira, "mmm." Anena kuti mwana wawo waimbanso foni, akuti chipinda wapenta kale. Pini imodzi yatsala pang'ono kulowa kukhosi, ndatsokomola ndi mphuno.

Kenako ati, "Mayi, diresi limeneli ndi lomwe lija la sabata yatha. Mpendero wake ndi womwe uja."

Ndabaya pini ina pa mpendero womwewo.

"Ine si mwana. Munthu akamasowa pokanira, ndimaona. Musadzibaye ndi mapini chifukwa cha ine."

Atenga chikwama, apita. Lalanje lakhala pa tebulo mpaka ndatseka shopu. Lero sindinaseke.

Lachisanu, 13 Juni

Sanadutse n'komwe. Wa kubanki watenga diresi lake, akuti mpendero uli ndi timabowo tambirimbiri, kodi kuli njenjete?

Lolemba, 16 Juni

Makina afa. Zenizeni tsopano, sindinakhudze kanthu. Lamba waduka pakati pa yunifolomu ya ana a sukulu. Mulungu amadziwa kuseka.

Ndapempha osoka nsapato kuti popita kukagula guluu akawauze a S. Abwerako ndi lamba watsopano m'manja, munthu palibe. Akuti anena kuti, "Akaike okha, manja awo amadziwa sikuluwu."

Ndiye osoka nsapato, osafunsidwa, akuti, "Koma kumeneko kuli makatoni okhaokha. Mashelefu agulitsa kwa ometa. Ife makina athu azitikonzera ndani?" Nthawi yonseyi ine ndikulankhula nditaphimba pakamwa ndi kansalu, ndawauza kuti ndi chimfine. Akuti chimfine cha chaka chino n'chokhalitsa.

Lamba ndaika ndekha. Walowa bwinobwino, ndipo zimenezo zandipweteka kwambiri.

Lachiwiri, 17 Juni

Wailesi wabwera atatupa. Akuti chibadwire sanasungepo chinsinsi, ichi n'choyamba, ndipo chikumudwalitsa m'mimba. Dzulo anakumana ndi a S. pa sitolo akugula chingwe chomangira katundu, anachita kudziluma lilime.

"Achemwali, munthu uja waonda. Inu mukuti akakuoneni dzino litamera? Adzakuonerani pa foni ali kwa mwana wake."

Ndati akaona gweru adzaseka.

"Ndiye aseke! Ine sindinaseke? Si ndili pano?"

Ndamuthamangitsa ndi tepi. Koma atapita ndakhala pa makina osapalasa. Ndinene zoona muno, poti simuwerenga munthu. Si kuseka ndikuopa. Bambo a ana anga chimwalirire, palibe anandiyang'anapo ngati mkazi. Ndinali telala, mayi a uje, agogo. Kenako munthu mmodzi anayamba kumakonza makina kwa ola lathunthu pa ntchito ya kamphindi, akundiponyera nthabwala kuti ndiseke, ine n'kumaseka mano onse pamtunda. Ndikuopa kuti chimene ankabwerera ndi kuseka kumeneko, ndipo kwathyoka. Ndimawafuna bambo amene aja. Ndalemba, ndalemba basi.

Lachitatu, 18 Juni

Ndatseka shopu masana dzuwa likuswa mtengo, ndapita ku shopu ya a S.

Makatoni mpaka pakhomo. Iwo ali chogwada, akukulunga mitu ya makina akale m'manyuzipepala. Andiona, aimirira, ulemu wonse. "Lamba wavuta, mayi?"

Dzanja langa lapita lokha pa kolala pomwe ndimabaya mapini. Ndaligwira ndi linzake. Ndati, "Abambo, tayang'anani kuno." Ndatsegula pakamwa, yasa, ngati kwa dokotala.

Ayang'ana. Avala magalasi, ayang'ananso. "Lapita kuti?"

"Ulusi."

"Liti?"

"Mawa lake mutandifunsa zija." Pa "mutandifunsa" likhweru latuluka lomveka mpaka kwa ometa.

Ndimadikira kuseka. Ayi ndithu, akwiya! Sindinawaonepo atakwiya. "Dzino? Dzino limodzi? Mayi, ine masabata onsewa tulo osabwera, mashelefu ndagulitsa motchipa kwa munthu wometa mokhota, chifukwa cha dzino? Ine ndimayesa mwapeza wina wa galimoto!" Akuyendayenda pakati pa makatoni, apunthwa, atukwana katoni. Kenako aima. "Mwati 'mutandifunsa'? Tanenaninso."

Ndanena. Fyoo!

Pamenepo ndiye aseka, mpaka akhala pa katoni n'kuiphwanya. Inenso ndaseka, gweru lili poyera, mphepo ikulowa. Kuseka kuja kulipo, sikunathyoke, kwangowonjezera mluzu.

Ndawafotokozera za kwa dokotala. Pa kapu ya madzi apukusa mutu. Nditafika pa kachitsulo, maso awo ayera. "Sikuluwu m'fupa? Ya mazinga otani? Sichita dzimbiri? Amamanga ndi chiyani?" Akuti Lachisanu andiperekeza, akufuna akaione ndi maso awo, madokotala ena amamanga mopyoza. Ndati ine ndikuopa kuboola. Ati, "Likakhala la ine, musavutike, ndakuonani kale. Likakhala lanu, ikani." Ndiye awonjezera kuti sikuluwu yomanga dokotala ndisakayese kumasula ndekha.

Ndafika kunyumba ndikuimba. Ndavula nsapato, ndiye ndakumbukira. Yankho lija sindinapereke! Takamba za dzino, za dzimbiri, za ometa. Iwonso sanafunsenso. Ndipo makatoni sanamasule ndi imodzi yomwe.

Lachinayi, 19 Juni

Dzino ndiika, lokhomeralo, fupa likalola. Ndi langa. Ndikufuna kuluma apozi ndi kuitana kasitomala popanda galu kubwera. Sizasi ndaimangirira chingwe, ndaikoleka m'khosi.

Zinazo, za yankho lija, ndayeserera pagalasi tsiku lonse, sizikutuluka bwino.

Lachisanu, 20 Juni

A S. anafika pa siteji ine ndisanafike, jekete ndi tayi, ngati akupita kukhoti. M'basi ndinati ndinene, koma pakati pathu panakhala mayi wina ndi beseni. Panjira ndinati ndinene, iwo ali kalikiliki kundifotokozera mitundu ya mazinga. Ndinazindikira kuti akulankhula dala kuti pasakhale chete. Akuopa nawonso, nkhalamba yanga.

Pabenchi yodikirira anandilandira chikwama, anachiika pamiyendo pawo, manja onse awiri pamwamba. Anthu tho, wina wagwira tsaya, kamwana kakulira. Foni yawo inalira. Anayang'ana, ndi mwana wawo. Anaisiya ikulira mpaka inaleka.

Nesi anatuluka, anandiitana. Tinaimirira tonse. Nesiyo anatambasula dzanja. "Odwala okha, bambo. Kwa dokotala timalola wapabanja yekha. Mayi, awa ndi ndani anu?"

A S. anayang'ana chikwama changa chili m'manja mwawo, khutu lili kwa ine.

Sindinaphimbe pakamwa. Ndinati, "Amuna anga, sisitala. Tikungodikira tsiku la ukwati."

Likhweru linamveka chipinda chonse, kamwana kaja kanasiya kulira. Nesi anatsegula chitseko. A S. anaima pomwepo, chikwama chili m'manja, kenako anati, "Talowani ndikupezani," akusanthula foni m'thumba la jekete. Chitseko chisanatsekeke ndinawamva: "Halo, mwanawe. Chipinda chija ugonekemo alendo."