Mfumukazi Yokhala ndi Kiyi M'khosi

Lamulungu, 2 Juni 2024

Kuzizira. Phiri la Michesi lafunda mitambo kuyambira m'mawa. Chifuwa chayambiranso.

Pochokera kutchalitchi ndapeza anthu adzaza pakhonde la a Tobias, amuna a mwana wanga Rejoice, adadi a kamdzukulu kanga Praise. Ati akuwawerengera nkhani imene akulemba okha pafoni. Munthu wa kabaza kulemba nkhani? Ine kuseri kwa mpanda, manja pa chinangwa, makutu komweko.

Nkhani yake ya kale kwambiri, mfuti zisanabwere, kudziko lozizira. Mafumu okhala m'malinga amiyala. Amuna ovala zitsulo mpaka kumutu. Malupanga, akavalo, ndende za pansi pa nthaka. Msilikali wina wobwera wakwatira mwana wa mfumukazi, akukhala kwawo kwa mkaziyo. Mfumukaziyo yokalamba, yotsokomola, kiyi wa nkhokwe imamumangirira m'khosi.

Ndagwira pakhosi panga. Kiyi wa chipinda cha chimanga ali pomwepo.

Lachitatu, 5 Juni

Nandolo sanakhwime. Sopo watha. Za feteleza sindikufuna n'kuganiza komwe.

Kuwafunsa a Tobias za nkhani ija sindingathe. Mkamwini ndi mpongozi sayang'anana kumaso. Chikwatirire chawo sitinalankhulanepo pamaso, tikakumana panjira ndimapatukira m'chinangwa. Mawu amadutsira mwa Rejoice.

Ndamufunsa Rejoiceyo. Waseka. "Amayi, ndi nkhani chabe, anthu a pa Fesibuku amakonda zoopsa." Nanga kiyi? Ati mafumu onse akale ankavala makiyi. Anawaona iyeyo?

Lero mfumukazi yalamula msilikali kukumba ngalande yozungulira linga, yekha, ndi njala. Mu Januwale ndinatumiza mawu kuti a Tobias akonze ngalande ya kumunda wakumtunda. Koma chakudya ndinawatumizira ine. Mbatata, mbale yodzaza.

Loweruka, 8 Juni

Ndisaname, nkhani amaidziwa.

Mumzinda muja mwagwa mliri. Ngolo ikuyenda m'misewu kutola mitembo, woyendetsa akuliza belu. Mayi wina akukana kupereka mwana wake, akuti wangogona. Pakhonde pomwepo Sellina wayamba kulira.

Sellina amene napolo wa chaka chatha anamukokolera mwana wake Chance, mtembo osapezeka. Chichitikireni sanagwetsepo msozi. Ngakhale pamapemphero, maso gwa. Lero walira mpaka azimayi kumugwira. Ponyamuka wati, "Bola wakeyo anamuona nkhope."

Madzulo ndamuona akusesa pakhomo, koyamba chaka chino. Tonse tinalephera, mpingo unalephera, koma anthu ovala zitsulo amene sanakhaleko n'komwe atha. Zimenezi sindikuzimvetsa.

Ndiwo zanga zapserera pamoto.

Lachiwiri, 11 Juni

Koma ndi dziko lanji lopanda munthu woseka? Mvula tsiku lililonse. Matope, makoswe, zilonda. Palibe ukwati wovina. Palibe wopempha mchere kwa mnzake. Munthu akapatsa mnzake chikho ndiye kuti muli chiphe. Mkazi akakhala wabwino amafa msanga, kuti mwamuna apeze chokwiyira.

Kale kunali nkhanza, sindikukana. Agogo anga anathawa kwa Apwitikizi ndi zipsera za chikoti kumsana, ndinaziona. Koma ankavina tchopa mpaka fumbi, ankaseka mpaka kugwa pampando. Akanakhala oipa okhaokha ife tikanabadwa bwanji?

Pamjigo Cornelius, mnyamata wa pamudzi pano, wakuwa, "Wawa mfumukazi! Kiyi ali bwino?" Azimayi kuseka chobisa m'zitenje.

Ndiye kuti si ine ndekha ndaona.

Lachisanu, 14 Juni

Msilikali wagula ufa woyera kwa sing'anga. Wosanunkha, wosawawa, umapha pakatha mwezi. Akuti mfumukazi ikafa atenga mkazi ndi mwana kupita kwawo.

Dzuwa lisanalowe, Rejoice uyo ndi paketi ya shuga. "Adadi a Praise ati muzimwera tiyi, chifuwacho." Chibwerereni pamudzi pano sanandigulirepo shuga. Lero lomwe?

Pakona ya paketi pali kabowo. Mwina mbewa za m'golosale. Mwina.

Ndasakaniza pang'ono ndi madeya, ndapatsa nkhuku yamawanga.

Lamulungu, 16 Juni

Nkhuku ikuyenda bwinobwino. Koma anati mwezi.

Kutchalitchi sindinamve kalikonse. Imfa sindikuiopa kwenikweni. Ndikuopa nyumba yawo itatsekedwa, Rejoice ndi khanda lake Praise ali ku Chiwalo kwawo kwa a Tobias. Mwa ana anga onse watsala yekhayu. Munda wa amayi anga adzalima ndani? Ndikadzagona ndi chifuwachi adzanditungira madzi ndani?

Munthu amalemba zimene zili mumtima. Kapena amalemba kuti zichoke mumtima? Sukulu ndinalekera folo, izi sanatiphunzitse.

Tiyi wopanda shuga.

Lachinayi, 20 Juni

Zaipa.

Rejoice wandipezerera ndikuthira shuga m'madeya. Wayang'ana nkhuku, wayang'ana ine. Sanafunse, wangodziwa. "Amayi! Munthu wapalasa njinga tsiku lonse, iye osadya, kuti inu mumwe tiyi. Mukuyesera pa nkhuku?" Mawu ake okweza. A Tobias anali kuseri akupopa tayala. Pampu inasiya kulira.

Madzulo pakhonde palibe munthu. Sellina anabwera ndi kampando kake, wabwerera nako.

Mawu abwera kudzera mwa Rejoice, maso ali otupa. Akuti pamudzi pamene akuyesedwa wakupha sangakhalepo. Lamulungu akapita kwa ankhoswe kukapempha chitengwa. Rejoice akuti akatsatira amuna ake.

Loweruka, 22 Juni

Chikwama chawo chachikulu cha paulendo achichapa, chayanikidwa pampanda. Ndikuchiona ndikangotuluka.

Chimene ndinkaopa ndachiitana ndekha. Komabe kiyi analemba ndi iwo. Chifuwa analemba ndi iwo. Ine ndinangomva.

Masiku awiri opanda nkhani, ndipo ndikuisowa. Manyazi. Ndikufuna kudziwa ngati mayi uja anapereka mwana kungolo. Nkhani yomwe yandidwalitsa mtima ndi yomweyo ndikuilakalaka.

Sellina wandipeza kudimba. Sanandidzudzule. Wangoti, "Mayi a Rejoice, nyumba yotseka ndimaidziwa ine. Musaifune."

Lamulungu, 23 Juni

Ndalawirira asanavale za kutchalitchi. Ndakhala pakona ya nyumba yawo, msana kukhomo, monga mwa mwambo. Rejoice watuluka ndi Praise kumsana. A Tobias ndimawamva ali m'kati, pafupi ndi chitseko.

Ndalankhula kwa khanda. Ndati, "Praise, uwauze adadi ako kuti nkhani yawo ndi yokoma, yamuchiritsa Sellina. Koma ili ndi chilema. Dziko lonse lija mulibe munthu wonena pepani. Uwauze kuti kuno alipo, ndi amene wakhala pakonayu. Pepani."

Praise akungoyamwa chala.

Kenako mawu awo, otsika: "Praise, uwauze agogo kuti kiyi ndi chifuwa ndinabadi. Ngalande ija inandiwawanso, n'chifukwa ndinaikamo. Ndinkayesa samva. Pepani nanenso." Rejoice kuseka uku akulira.

Ndafunsa, kudzera mwa Praise yemweyo, ngati msilikali athira ufawo. Ati sakudziwa, sanaganizebe. Sakudziwa! Wolemba ndi iwo, ufa anagula ndi iwo. Zimenezo ndasunga.

Kwa ankhoswe sanapite. Chikwama chachoka pampanda, sindinaone ngati chalowa chopinda kapena chotsegula.

Masana anthu adzazanso. Ine ndatuluka kuseri kwa mpanda, ndakhala pamphasa poyera, nkhope ku Michesi. Mayi uja wapereka mwana, woyendetsa ngolo wavula chipewa. Kenako kwachitika chachilendo: wophika wa m'linga waterereka m'matope ndi mphika, ndipo msilikali waseka. Kuseka koyamba m'dziko lonselo. Zimenezo ndi zanga, ndikudziwa.

Rejoice wandibweretsera tiyi. Shuga wake yemwe uja, wa kabowo. Nthawi yomweyo m'nkhani msilikali akukwera masitepe ndi chikho, akugwada, mfumukazi ikutambasula dzanja. Foni thii, batire latha. Cornelius kudzimenya pantchafu, "Aaa, a Tobias, mwatipha ife m'malo mwa mfumukazi!"

Ndiye onse atembenukira kwa ine. Kapu ili m'manja. Sellina akundiyang'ana. Rejoice wasiya kupuma. Kumsana kwanga ndikumva kuti nawonso a Tobias akudikira.

Ndamwa. Yense, mpaka zam'munsi.

Ndati, "Praise, uwauze amayi ako shuga wachuluka, akuwononga."

Mpaka pano m'mimba muli bwino. Chifuwa chachepako. Nkhuku yamawanga yaikira dzira. Mawa ndimupatsa Rejoice kiyi akatape chimanga yekha, aone kuti sindine wa m'linga. Angobweza msanga. Komabe paja anati umatenga mwezi, ndiye pofika pa 23 Julaye ngati ndikadali moyo, tidzadziwa.