Waya wa Pansi pa Tebulo

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko, pamodzi ndi mpongozi wanga ndi adzukulu anga. Kuno tikudzuka, kungoti mtima wanga uli m'mwamba. Kalata ino ndayiyamba katatu.

Nkhani ndi ya kompyuta ija, imene imataya netiweki tikamacheza nawe pa vidiyo Lamlungu. Zonse unandiuza ndinachita. Kabokosi ka netiweki ndinakazimitsa, n'kuwerenga mpaka makumi atatu, n'kukayatsanso. Ndinakachotsa kuseri kwa kabati. Waya watsopano unatumiza uja tinalumikiza, ndipo timagetsi tonse tikuyaka bwinobwino.

Wokonza makompyuta unamutuma uja anabwera Lachinayi. Anakwawa pansi pa tebulo mpaka tiyi wake anazizira. Atadzuka anati makina alibe vuto, koma akudabwa waya womasololoka Lamlungu lokha. Ndinamuuza kuti wabwerera makina, osati kudzandizenga mlandu m'nyumba mwanga. Anangoyang'ana mapazi anga, n'kutsanzika mwaulemu.

Chabwino, ndisabise. Mawu m'kamwa andilemera. Wayayo ndimazula ndine, ndi chala chachikulu cha kuphazi. Usamutumenso munthu uja.

Bambo ako ayamba kuiwala, mwanawe. Zinayamba ndi makiyi ndi magalasi, ife n'kumaseka. Mwezi watha anakhala pa makina awo osokera, aja anakuphunzitsira sukulu, n'kundifunsa kuti ulusi umalowera pati. Ukaimba, mphindi zoyamba amakhala bwino. Kenako ndimaona maso awo ayamba kukufufuza ngati mlendo wa m'basi, ndipo ndisanaganize n'komwe, phazi limakhala litapita kale. Iwe umatsala ukukalipira netiweki, ine ndili kukhitchini kulira.

Lamlungu lapitali, chithunzi chako chitazima, anandifunsa kuti bambo wandevu uja ndi ndani. Anati ndi munthu waulemu, ndidzamuitanire kunyumba kuno.

Ndimati ndikukuteteza. Koma fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika, ndipo ine mabodza anditopetsa. Undikalipire ngati ukufuna, ndine mayi ako, ndidzapirira. Chimene ndikuopa n'chakuti ungadzafike atakuiwaliratu, chifukwa cha phazi langa.

Lamlungu likubwerali ndikhala kutali ndi tebulo. Akakufunsa dzina, uwauze mofatsa, usawakonze ngati mwana. Ukatero ukapemphe tchuthi kuntchito, ubwere. Usadikire kutha kwa chaka. Pakali pano, dzuwa likapendeka, amaimabe pageti n'kumandifunsa ngati waweruka kusukulu. Wandevuyo sakumudziwa, koma iwe akukudikira.

Undiperekere moni kwa mpongozi wanga, ndipo adzukulu uwauze kuti agogo awo aamuna akusungabe zithunzi zawo m'thumba la jekete. Mulungu akusunge, akutsegulire njira msanga.

Ndine,
Mayi ako