Galafu ya Bambo Ikukana Kutuluka

Achimwene Tsvetan,

Ndikhulupirira muli bwino ku Hamburg kozizirako. Kuno ku Plovdiv mphesa zapsa.

Pulogalamu yowerengetsera ija munandiikira pa kompyuta yayamba makani. Ndikati ijambule galafu ya kulemera kwa Bambo yoti ndikaonetse adokotala, imachenjeza kuti laibulale yake, mbali ija yojambulira zithunzi, ikusowa. Ndaiikanso, ndazimitsa n'kuyatsanso, koma ikungotulutsa manambala okhaokha. Mukadakhala inu, bwenzi mutakonza khofi asanazizire.

Bambo akungoseka, akuti, "Makinawa ngaulemu. Sakufuna kundijambula ndi lamba ndabowolanso dzuloyu."

Kunena zoona galafuyo sindikuifuna kwenikweni, achimwene. Manambalawo ndawawerenga kale, ndipo akungotsika. Bwerani mudzakonze nokha mphesa zisanathe.

Ndine mlongo wanu,
Radka