Njati ya Twaibu

Lolemba, 10 February
Voisi ya amayi m'mawa. Njati zatulukanso m'nkhalango, theka la chimanga chathu lapita. Mlongo wanga Twaibu anakanena kwa a zanyama. Yankho lomwe lija: galimoto ilibe mafuta. Koma anamukumbutsa kuti asayerekeze kuwombera. Munda ndi wathu, mfumu inapatsa agogo, koma chilombo chikapondamo ndi cha boma.

Ine kuno ku Al Duhail, dziko la Aluya, kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba, ndapukuta mutu wa njati wopachika pakhoma m'majlis, chipinda cha alendo cha bwana. Anakaipha kwathu ku Africa konko, ndi mapepala onse. Nyanga ndimapaka mafuta. Madamu akuti sindikufika kuseri kwa makutu.

Lachitatu, 12 February
Twaibu wachita zopusa. Watenga kamfuti ka malemu bambo, ka twente-thuu kaja, ka nkhanga ndi anyani. Wawombera njati yamphongo paphewa. Yathawira m'bango, magazi madontho okha. Laisensi inali m'dzina la bambo, inafa nawo limodzi.

"Achemwali, musauze munthu." Ndiuze ndani? Makina ochapira?

Lachinayi, 13 February
Popereka gahwa, khofi wawo uja, ndinalimba mtima. Ndinafunsa bwana ngati twente-thuu ingaphe njati, ndati ndinaona pa foni. Anaseka mpaka kutsokomola. Anatulutsa zipolopolo ziwiri m'kabati, china ngati chala changa, china ngati nyemba. Akuti kakang'onoko kamangoikwiyitsa. Akuti njati yovulala sithawa, imabisala n'kudikira munthu. Kenako nkhope inagwa: "Haram, miskina nyama, ikuvutika." Chisoni chonse kwa njati. Za munda sanafunse, nanenso sindinanene.

Ndamuimbira Twaibu. Ndati kanene, anthu achenjere, bango lija ndi njira ya kudimba. Wakana. "Ndikanena andimanga, amayi atsala ndi ndani?" Akuti mwina yafa kale. Wadula foni.

Lamulungu, 16 February
Imrani wafa.

Mwamuna wa Jamila. Jamila amene tinakwera naye ndege imodzi pobwera kuno, amene anandigwira dzanja pamene inkanyamuka. Imrani ankapita kudimba ndi khasu. Njati ija inatuluka m'bango. Amayi akuti ndisafunse mmene anamupezera.

Amuika lero lomwe, itatha swala ya asiri, chakumadzulo. Jamila anali pa shifiti ku hotela ku West Bay. Maliro a mwamuna wake waonera pa foni, m'chipinda chosungira matawulo, netiweki ikudukaduka.

Madamu anali ndi alendo. Ndagwetsa thireyi. "Yalla, Mwajuma, mutu wako uli kuti?"

Lachiwiri, 18 February
Mafuta apezeka. A zanyama abwera ndi galimoto, mfuti yaikulu, kuwombera kamodzi basi. Ntchito ya m'mawa umodzi. Inkafunika mtembo kaye.

Posenda apeza bala lowola paphewa, m'kati kachipolopolo. Akuyenda khomo ndi khomo kufunsa amene ali ndi mfuti yaing'ono. Akuti kuvulaza chilombo osanena ndi mlandu woposa kuchipha. Za mpanda wa waya wa nkhalango umene unaduka chaka chatha palibe mlandu. Nyama atenga yonse.

Amayi aponya mfuti m'chimbudzi. Mudzi wonse uli duu, poti aliyense njati zinamudyera. Twaibu sakudya. Akuti ndi iye anakumba manda, osalola wina kugwira khasu.

Ndakwiyira Twaibu, a zanyama, bwana, bambo amene anasiya kamfuti kopanda ntchito. Kupemphera swala sikutheka, ndikumaiwala pamene ndafika.

Lachinayi, 20 February
Jamila waimba katatu. Sindinayankhe. Ndamulembera meseji kuti madamu anandilanda foni.

Lachisanu, 21 February
Ofu. Stephano, dalaivala wa pano, wanditula ku Bin Omran, kumene Jamila amakhala. M'chipinda azimayi thoo, nsapato mpaka pa masitepe. Jamila pakona, waonda sabata imodzi yokha. Tchuthi amupatsa cha mwezi wamawa. Akuti akaona dothi.

Anthu atachepa anandikokera pafupi. Anayamba ndi kuthokoza. "Umuuze Twaibu, Mulungu amudalitse, ndamva zimene anachita kumanda." Ndinangoti ndimuuza.

Kenako anati apongozi ake amuuza za kachipolopolo. Akuti sakufuna munthu amangidwe, kumanga sikudzutsa Imrani. Akungofuna adziwe amene anadziwa kuti m'bango muli imfa n'kusiya anthu azidutsa. Mawu otsika, maso pa ine: "Mwajuma, kodi kamfuti ka bambo ako kaja kali kuti?"

Ndinati bambo anakagulitsa asanamwalire. Zinatuluka zokha, mosalala, ngati ndinakonzekera.

Anapuma mozama. "Alhamdulillah. Ndimaopa kukutaya nawenso."

Anaika mutu pamiyendo panga n'kugona, tulo take toyamba chichokereni Lamulungu. Stephano analiza hutala panja kawiri. Sindinasunthe.