Karate, Nkhonya Kapena Judo, Azakhali?

Azakhali anga okondedwa,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kukuvutani. Kuno ana ali bwino, wamng'ono uja wayamba kumera mano.

Musandiseke, ndikufuna kuphunzira masewera omenyana, koma mutu wanga waima. Pamwamba pa sitolo ya nsapato amaphunzitsa karate. Mphunzitsi wake anati, "Mayi, miyezi yoyamba muzingophunzira kuima." Ine ndimayesa kuima ndimadziwa kale. Kuseri kwa galaja kuli nkhonya, koma ndi amuna okhaokha, ndipo anandiyang'ana ngati ndasochera.

Kwinako kuli judo, ya kugwetsana. Wophunzitsa ndi mzimayi wamfupi. Atandigwira mkono ndinadzidzimuka ndi ululu. Iye anapinda mkono wa bulauzi yanga, nkuyang'ana mikwingwirima yanga, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Achemwali, mukufuna kuphunzira kumenya, kapena kupulumuka munthu akakugwirani?" Mpaka lero yankho lake sindikulidziwa. Inu mukanasankha chiyani?

Bambo a anawa ali bwino, kungoti masiku ano ntchito ikuwatopetsa. Za masewerazi sakuzidziwa, ndipo amayi musawauze.

Kodi m'kachipinda kanu kakuseri kaja mukugona munthu?

Ndine mwana wa achimwene anu.