Mizere Iwiri Yotsala

Salima,
12 Febuluwale.

Okondedwa Achimwene a Nickson,

Kodi muli bwanji kumeneko ku Kaduya? Mwendo uja wayamba kuponda bwino? Ine kuno ndili bwino, kungoti kutentha kwake sindikugona nako, ndipo denga la nyumba ndikukhalayi likudontha pabedi penipeni.

Achimwene, mtima wanga sunakhale pansi. Alamu a Felista anandiuza pafoni kuti mwazula mizere itatu ya thonje lakale lija tinadzala m'mphepete mwa munda, ndipo iwiri yotsalayo mukufuna kuizula Loweruka. Akuti a Dickson anakusekani potuluka m'tchalitchi, amati anzanu akuweta mbuzi, inu mukuweta mbozi, zonsezi nzeru za mlongo wanu wa ku yunivesite. Ndiye munthu wamkulu ngati inu kukatenga khasu chifukwa cha pakamwa pa a Dickson? A Dickson omwe aja anapopera fodya ndi mankhwala a nkhupakupa?

Mwina wolakwa ndine. Pa Khirisimasi ndinkafotokoza ngati ndili m'kalasi, inu n'kumangovomera ndi mutu. Ndiyesenso.

Thonje latsopano munadzala m'munda monsemo limapha mbozi zikalidya, koma osati zonse. Zilipo zochepa zolimba zomwe zimapulumuka. Zimenezi zikasanduka njenjete n'kukwatirana zokhazokha, ana ake amabadwa olimba, ndipo pakapita zaka zingapo thonjelo aziliyesa ndiwo. Mizere ya m'mphepete ija ndi mudzi wochokerako akamwini. M'menemo mumakulira njenjete zofooka zambirimbiri, zikakwatira zolimba zija ana ake amafa akaluma thonje latsopano. Mukaizula, ndiye kuti mwasiya pachibale kuti akwatirane.

Ndikudziwa kuti zimawawa kuona zipatso zobooka m'munda umene munalima nokha. Ine ntchito yanga ndi yowerenga mbozi m'mabotolo, khasu ndinasiya kuligwira kalekale, ndipo nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndili woyenera kukuuzani zochita. Komanso sindingakulonjezeni kuti mizere iwiri yokha ikwanira ngati anzanu onse azula yawo. Koma ndimakumbukira chaka chija mayi ankapopera kasanu ndi kawiri, manja atasupuka, mbozi osafa. Sindikufuna kuti tibwererenso kumeneko.

Pempho langa ndi limodzi: mizere iwiriyo isiyeni, ndipo musaipopere. Nandolo wa kumbali ya mtsinje uja musamugwetse msanga, nayenso amasunga njenjete zina. Kalatayi ndapatsira a Goodman amene akubwera kumudziko, afika nayo Lachinayi, choncho musadzati inachedwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ku Phiri, ndi kwa adzukulu anga Thandiwe ndi Zikomo. A Dickson nawonso muwapatse moni. Akayambanso zawo Lamulungu, muwauze kuti mbozizo si zanu, ndi za Aliness, inu mukungondisungira. Andiseke ine, ndinazolowera.

Ndine mlongo wanu,
Aliness Sitima