Katatu Konse Ndinati Muli Bwino

Ababa, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Chithunzi chili pamwambapa ndi chija anakujambulani pakhonde la shopu, tepi ili m'khosi, choko chili pakhutu. Amayi anati mawu okukumbukirani a chaka chino ndilembe ine, poti ndamaliza sukulu ndipo cholembera ndachizolowera. Ndinavomera, koma ndinawapempha kuti andilole kulembamo chinthu chimene ndinakhala nacho ndekha zaka zonsezi osauzako munthu, kufikira Lachinayi lapitali. Nachi. Kwa ife munamwalira, koma m'fayilo ina ya kuchipatala chachikulu munali ndi moyo: munkadya, munkayenda, munkasoka mayunifolomu. Amene anakulembetsani moyo umenewo ndine.

Mukukumbukira mmene munkachitira ndi makasitomala obweza mimba powayeza? Munkaima, tepi ili m'manja, n'kunena kuti, "Pumani, bwana, pumani. Mukanamiza tepi, buluku likakuululani pagulu." Iwo ankaseka, mimba n'kubwerera pamalo pake, inu n'kulemba nambala yeniyeni m'kabuku kanu kothothoka chikuto. Ine alendo ndinkawaopa, ndiye ndinkabisala kuseri kwa nsalu zopachika, mapazi okha akuoneka. Munkanditcha Namanyazi. Munthu akafunsa kuti mwanayu bwanji salankhula, munkati, "Pakamwa pake ndinasoka ndine, ndi ulusi wa jinzi." Amayi mpaka lero amanditcha dzina lomwelo, koma nthabwala ya ulusiyo palibe amaiyesa.

Matumbo anu atapotana kachiwiri, adokotala anati adule mbali yovutayo n'kulumikiza kotsalako. Kutatsala tsiku limodzi kuti akuchiteni opaleshoniyo, m'wodi munalowa a nesi aafupi ovala magalasi, atakumbatira fayilo ya buluu. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kufotokoza za kafukufuku. Anati matumbo amalumikizidwa m'njira ziwiri, kusoka ndi manja kapena kumanga ndi kamakina, ndipo iwo akufuna kudziwa njira imene imagwira bwino mwa odwala awo. Njira yanu ikadziwika potsegula envulopu inu mutagona kale tulo ta mankhwala. Anati mukhoza kukana, chithandizo chikhala chomwecho. Mukavomera, adzaimba foni katatu kufunsa za moyo wanu: pakatha masiku makumi atatu, pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndi pakatha chaka.

Amayi anakwinya nkhope n'kunena kuti mwamuna wawo si woyeserapo zinthu. Inu munaseka mpaka botolo la diripi linagwedezeka. "Mayi a ana, manja kapena makina? Mkangano umenewu takhala nawo atelala zaka makumi awiri osaumaliza. Ndisiyeni nanenso ndikhaleko nsalu kamodzi, mwina ena adzavala bwino." Munasaina. Nambala ya foni munaitchula kawiri, ndipo munawapempha a nesi kuti akuwerengereni zimene alemba, kuopa kuti angalakwitse.

Mutatsitsimuka munali ndi nkhani zambiri. Munati adokotala ogonetsa anthu anakuuzani kuti muwerenge mpaka teni, inu munafika pa seveni, kenako dziko linazima ngati babu. Tsiku limene anachotsa bandeji munayang'ana bala lanu, n'kuwauza adokotala kuti, "Msoko uwu akanasoka wophunzira wanga, ndikanamubwezera." Wodi yonse inafa ndi phwete, ena atagwira mabala awo. Anakutulutsani patatha masiku asanu ndi limodzi, mukuyenda nokha.

Tsiku lakhumi thupi linatentha, mimba inauma ngati mpira wopopa kwambiri. Tinathamanga nanu ku kachipatala ka pafupi ndi kunyumba. Mawa lake masana, tikudikira ambulansi, dzuwa likuswa mtengo, munatisiya. Zinachitika mofulumira moti tiyi amene Amayi anakubweretserani m'fulasiki anali akadali wotentha. Mpaka lero sitidziwa chimene chinavuta m'katimo, kaya ndi msoko uja, kaya ndi china. Ku chipatala chachikulu palibe anakanena. Palibe amene anaganizako n'komwe.

Foni yanu inatsala m'kabokosi ka makina anu osokera, pamodzi ndi mabobini. Tsiku lina nditaweruka kusukulu, ndili ndekha m'nyumba ndikupukuta fumbi pamakinawo, inalira. Ndinaona nambala yachilendo, ndinayankha. "Ndine nesi wa kafukufuku uja. Atelala athu ali bwanji?" Mawu awo anali osangalala, ngati a munthu amene akuyembekezera nthabwala ina.

Ababa, panali patapita masiku khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo liwu lakuti mwamwalira linali lisanatulukepo pakamwa panga. Ena ankalinena, ine ndinkangogwedeza mutu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilinene. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Ali bwino." Ndinadzidzimuka ngati walankhula ndi munthu wina kumbuyo kwanga. A nesi anapitiriza. Akudya? Ndinati eya. Bala? Ndinati lapola. Thupi silikutentha? Ndinati ayi. Ndingalankhule nawo? Ndinati mwapita kumsika kukagula mazipi. Anaseka n'kunena kuti ndikuuzeni musamanyamule zolemera. Atadula, ndinakhala pansi pasimenti, foni ili m'manja.

Koyambako mwina munganene kuti mutu unali usanakhazikike. Koma kachiwiri ndilibe chobisalira. Masiku ndinachita kuwerenga pakalendala. Foni ndinkaitchaja mobisa, ndinkapita nayo kusukulu ili m'sokosi. Itaitana ndinathamangira kuseri kwa kalasi. Ndinawauza kuti mwabwerera pamakina, kuti mayunifolomu akuchulukirani, kuti mukudandaula ulusi wa masiku ano wosachedwa kuduka. Mphindi zitatu zimenezo munali moyo. Padziko lonse panali munthu mmodzi amene ankati atelala ali pakhonde, akuseka, ndipo ine sindinafune kumuphera. A nesi anati tsiku lina adzabweretsa nsalu yawo muwasokere diresi. Ndinati abwere, mudzakondwa.

Kachitatu anandithokoza. Anati kuimba kwatha, fayilo yanu akuitseka, zonse zili bwino. Tsiku limenelo ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda, Amayi mpaka anayesa kuti ndalephera mayeso. Ndinachotsa simu m'foni n'kuiponya m'chitini cha mabatani. Ndinadziuza kuti zatha, ndipo sindinapweteke munthu aliyense. Ndinkaganiza kuti mayankho angawo angokhala pashelefu n'kumadyedwa ndi fumbi.

Sabata ziwiri zapitazo mwini shopu uja munkasokera pakhonde pake anabweretsa envulopu yolembedwa dzina lanu. Mng'ono wanga, amene munamusiya akuphunzira kulemba a-e-i, tsopano amawerenga chilichonse mokweza, ngakhale mapepala a sopo. Anailanda n'kuyamba: "Okondedwa bambo, tikukhulupirira kuti mukupitiriza kupeza bwino. Tayesa kukuimbirani koma foni sikupezeka. Tikukuitanani kudzamva zotsatira za kafukufuku amene munatengamo mbali."

Amayi ankasita. Simbi inaima pamalo amodzi mpaka fungo la nsalu yopserera linadzaza m'nyumba. Anati, "Tabwereza." Mwana anabwereza, mawu akuchepa. Amayi anakhala pampando wanu. Kenako anaphulika. "Anthu amenewa alibe chisoni? Munthu ali m'dothi zaka zitatu, iwo akuti akupitiriza kupeza bwino? Ndiye kuti ankangolemba za m'mutu mwawo! Ndipita. Nesi wa magalasi uja akandiuze m'maso muli gwa. Iwe Namanyazi, undiperekeza." Sabata yonse ndinkafuna kuwaululira. Kangapo ndinaima pakhomo la kuchipinda kwawo, n'kubwerera.

Lachinayi tinapita. Chinali chipinda chachitali cha mipando ya pulasitiki, mazenera atatsekedwa ndi makatani kuti zithunzi zioneke pakhoma. Munali anthu ambiri, Ababa, amoyo. Azibambo ena ankakweza malaya kuonetsana zipsera, kupikisana kuti chachitali n'cha ndani. Ndinayang'ana mpando umodzi wopanda munthu, ndinayang'ana kumbali.

Adokotala anaonetsa mizere iwiri. Uku anthu zana osokedwa ndi manja, uko anthu zana omangidwa ndi kamakina. M'munsi mwake munali omwalira: uku asanu, ukonso asanu. Anati mmene zikuonekera njira ziwirizi n'zofanana, ndipo mwezi wamawa atumiza zotsatirazi kwa madokotala a zipatala zina kuti ziziwathandiza posankha. Anthu anaomba m'manja.

Ine manja anauma pamiyendo. Masamu ndinakhoza bwino, mukudziwa. Imodzi mwa nambala ziwirizo inali yabodza, inayenera kukhala sikisi, ndipo m'chipinda chonsecho wodziwa ndinali ine ndekha. Sindinkadziwa kuti munali mzere uti, chifukwa envulopu ija sitinaione. Kaya munthu mmodzi akusintha zambiri kapena pang'ono, sindikudziwa. Chimene ndinaona n'chakuti mafunso a pafoni aja anali tepi, ndipo ine ndinabweza mimba. Anthu ena, bambo a ana ena, akadzagona pa tebulo lija n'kuwerenga mpaka seveni, adzasokedwa motsatira muyeso umene ndinaunamiza ine. Inu munatchula nambala kawiri kuti pasakhale cholakwika. Munapereka mimba yanu kuti ena adzavale bwino. Ine ndinakuchotsani pa chiwerengero, ngati simunapereke kanthu.

Msonkhano utatha Amayi anaimirira, kalata ili kudzanja ili, dzanja linalo litandigwira pamkono. Ankandikoka ngati mwana wokana jakisoni. A nesi anali pa tebulo la pakhomo akuchonga mayina, magalasi omwe aja, tsitsi litayamba imvi. Amayi anaponya kalata patebulo, akukoka mpweya kuti ayambe. Ine, posadziwa chochita, ndinapereka moni.

A nesi anadzutsa mutu msangamsanga. "Mawu awa ndikuwadziwa! Mwana wa atelala! Iii, wakula bwanji! Nanga bambo ali kuti, akubwera m'mbuyo? Nsalu yanga ija ikadali m'sutikesi, uwauze sindinaiwale."

Amayi sanayambenso. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana, kukamwa kuli yasa. Nkhope imeneyo ndinaiona kamodzi kokha m'mbuyomu, masana aja tikudikira ambulansi. Anthu ankatidutsa, ena akuseka, wina akukoka mipando. Ndinamva ulusi wa jinzi uja ukuduka.

"A nesi, Ababa anamwalira. Anamwalira patatha masiku khumi ndi limodzi chichitireni opaleshoni. Thupi linatentha, mimba inauma. Katatu konse munaimba kaja anali ali m'manda. Simunalakwitse ndinu, ndinanama ndine. Chonde, tsegulaninso fayilo yawo, muwawerenge."

Liwu lija linatuluka lonse, mokweza, mpaka wokoka mipando uja anaima. A nesi anavula magalasi, anawaika patebulo, anawavalanso. Anafunafuna cholembera chimene chinali m'manja mwawo momwemo. Kenako anati, "Tandiuzanso tsikulo, mwanangu. Pang'onopang'ono." Dzanja la Amayi linatsika kuchoka pamkono panga n'kulowa m'chikhatho changa, ndipo tsikulo tinalitchula limodzi, kawiri, kuti asalakwitse.

Amayi akukulirani, Ababa, ndipo sabata ino akulira ngati mwapita dzulo. Mng'ono wanga akukulirani. Nanenso tsopano ndayamba kukulirani poyera.

Kuchipatala akulembani pamzere wanu woona. Kuno kunyumba dzina lanu palibe adzalifufute.